Maliro a Khomo Loyang'anana Nafe

Lolemba, 5 Ogasiti

A Fernand atisiya. M'mawa, ndisanateleke n'komwe madzi a khofi, wina anagogoda. Kutsegula, Anti Wazana, opanda nsapato, mpango uli m'manja. "Ndaziona, tabwera. Bambo aja akukana kudzuka." Khomo lawo ndi lathu n'zoyang'anana, mapazi anayi okha. Ndinawapeza atazizira kale, magalasi ali pachifuwa, kawailesi kawo kakunenabe za mphepo ya panyanja.

Adokotala anabwera n'kusaina pepala. A kampani ya maliro anabwera, aulemu, atamanga mataye, n'kuwanyamula. Pofika 11 koloko bedi linali litayalidwa ngati sipanagonepo munthu.

Kenako zii.

M'nyumba yosanja ino muli mabanja khumi ndi anayi. Onse aiona galimoto ija. Wabwera ndani? Palibe. Madamu Lecarpentier, apampando a komiti yathu, ndinakumana nawo pa masitepe ali ndi kagalu kawo kovala juzi. Anapendeketsa mutu. "Zachisoni bwanji. Anali munthu wabwino, sankasokosa." Basi, n'kutsika kukakodzetsa galu. Munthu akhala naye m'nyumba muno zaka zonsezi, chimene akumukumbukira nacho n'choti sankasokosa!

Gaëtan nayenso. Mwamuna wangayu ndimamukonda, koma lero ndikanamukwapula ndi buledi wautali uja anali naye m'manja. Anawapsompsona Anti masaya onse awiri, misozi ikulengeza ndithu, kenako n'kuyang'ana wotchi. Ali ndi kalasi 8 koloko. Potuluka akundinong'oneza, "Usakhalitse kumeneko. Munthu akafedwa amafuna kukhala payekha." Payekha? Zaka khumi ndi ziwiri ndili ku Nouméa kuno, tauni ya pachilumba cholamulidwa ndi Afalansa, Chifalansa ndimachita kulota nacho, tchizi chonunkha ndimadya, koma ichi chokha chinandikana.

Ndakhala nawo tsiku lonse pamphasa. Sitinalankhule zambiri. Amayi atamwalira ku Dedza ine ndili kuno, ndi Anti omwewa amene anadzakhala nane chonchi masiku atatu, anzake a G. atangotumiza makadi.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Makina osokera sindinawagwire. Eni madiresi adikire.

Nkhani yavuta ndi ya mapepala, monga mwa nthawi zonse kuno. Anti ndi a Fernand akhala limodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma pepala la ukwati palibe. Ndinkadziwa kalekale, sindinafunsepo chifukwa. Anti ndi a ku chilumba cha Lifou. Bambo aja anachokera ku Falansa kudzagwira ntchito kudoko, osabwereranso. Kumeneko anasiyako mwana mmodzi, Maryvonne, wa mkazi amene anasudzulana naye. Chithunzi chake chili pafiriji: kamtsikana koguluka mano akutsogolo. Pano ndi mayi wamkulu, amangotumiza khadi ya Chaka Chatsopano.

Anti anapempha G. kuti ndiye aimbe foni. Akuti uthenga wotere munthu aumve m'mawu a kwawo. G. anatsegula sipika, tonse tikumva. Anamuuza Maryvonne kuti bambo ake amwalira. Kenako mawu owuma gwaa: "Ndifika Lachinayi. Chonde, wina asagwire kalikonse m'nyumbamo."

Basi. Osafunsa kuti amwalira bwanji. Osafunsa kuti anali ndi ndani. Asagwire kalikonse! Munthu amene wakhala akuchapa makabudula a bambo ako zaka zonsezi asagwire chiyani?

G. akuti wadzidzimuka chabe, tisamuweruze. G. akhoza kupezera chifukwa ngakhale udzudzu umene wamuluma.

Masana kunafika azimayi asanu ndi awiri a ku Lifou okhala m'tauni muno. Abwera pa basi, ndi mphasa, nkhuku, zilazi. Nsapato mulu pakhomo. Anawazungulira Anti n'kuyamba nyimbo za kutchalitchi m'chilankhulo chawo, motsitsa. Apo ndiye Anti analira koyamba. Inenso ndinalira, mawu osawamva koma maliro ndikuwadziwa.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Chikalata pa masitepe, chotayipa bwino, chomata ndi selotepi: "Tikukumbutsa onse kuti pakhonde si posiya nsapato, ndipo kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko masana ndi nthawi yopuma." Chosasaina, koma chikununkha galu wovala juzi.

Ndinachimatula n'kuchinyenyanyenya. Pofika 4 koloko china chili pompo, ulendo uno m'kapulasitiki. Anthu awa! Kugogoda n'kunena kuti pepani ndi maliro sangathe, koma kutayipa kawiri nthawi ilipo. Ukakumana nawo m'mawa, moni wake wozuna ngati uchi. Chakukhosi amakuuza pakhoma.

G.: "Ndi lamulo la ozimitsa moto, Ndazi. Pakhonde pazikhala podutsika." Ndamuuza kuti moto umene ubuke m'nyumba muno ndi ine.

Nsapato zija ndazilowetsa kwathu, ndazindandalika pabalaza. G. wangozidumpha.

Ndawasokera Anti diresi yakuda, yaitali, ya manja otukumuka monga amavalira akwawo. Poyeza ndapeza kuti aonda m'masiku atatu okha.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Wafika. Wamtali, tsitsi lalifupi la imvi, chibwano cha a Fernand chenicheni. Nditachiona chibwanocho mtima unafewa pang'ono. Sizinakhalitse.

Anti anadzuka m'mamawa kukolopa. Anaphika nsomba ya mkaka wa kokonati, anayala bedi la m'chipinda chaching'ono, pa pilo n'kuikapo duwa. Azimayi aja anawauza kuti lero asabwere, mwana angachite mantha ndi gulu. Ine ndekha ndiye ndinalipo.

Maryvonne analowa ndi chikwama cha mateyala, n'kuima pakati pa balaza akuyang'ana makoma. Anti anatambasula manja onse awiri kuti amukumbatire. Iye anapereka dzanja limodzi. "Ndinu amene munkawasamalira? Zikomo kwambiri, Madamu."

Munkawasamalira. Ngati nesi. Ngati wantchito wolembedwa.

Chakudya anakana, akuti wadya m'ndege. Chipinda anakana, wapeza kale hotela ku Anse Vata. Anakhala pamphepete pa mpando n'kutulutsa kabuku, zonse zolembedwa kale mwa manambala. Choyamba, thupi liwotchedwa Lolemba 10 koloko. Chachiwiri, phulusa apita nalo ku Falansa. Chachitatu, mwambo ukhala wa achibale okhaokha. Chachinayi, za nyumba akaonana ndi loya.

Ndinadikira kuti Anti alankhule. A Fernand ankanena pamaso panga, kangapo, kuti adzawaike ku Lifou pafupi ndi nyanja, kumene ankapita kukawedza chaka chilichonse. Anti anangoyang'ana manja awo. "Mmene mwaoneramo, mwana wanga."

Ndinatsegula pakamwa, Anti anandiponda chala.

Potuluka, Maryvonne anaima pafiriji n'kuyang'ana chithunzi chija. Anachichotsa n'kuchiponya m'chikwama chake, osapempha. Pamene panali chithunzi patsala kabwalo koyera.

Nsomba ija tadya ine ndi G. Anti sanalawe.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndikulemba mokwiya, zilembo zikupita uku ndi uku.

G. anabwera ndi nyuzipepala pamodzi ndi buledi, n'kuibisa pansi pa makope a ana ake a sukulu. Akabisa chinthu ndiye ndimachipeza msanga. Tsamba la maliro. Dzina la a Fernand, m'munsi mwake Maryvonne, mwamuna wake, ana ake awiri amene sanawaonepo agogo awo. Ndiye pansi penipeni, timalemba ting'onoting'ono: "Banja likuthokoza Madamu Wazana chifukwa cha chisamaliro chawo."

Ndinamufunsa G. ngati kwawo mkazi wa munthu amamuthokoza ngati wokonza mpope. Akuti mwalamulo si mkazi wawo. Ndinati ndiye ine ukadzafa, chimene chidzandiike pamwamba pa tsamba ndi pepala la kwa meya, osati zaka zimene ndakupirira? Akuti, "Ndazi, n'zopweteka, ndikuvomereza. Koma ndi nkhani ya m'banja mwawo. Si zathu." Si zathu, si zathu. Mawu amenewa ayenera kuti amawaphunzitsa ku mkaka.

Cha m'ma 3 koloko ndinamva chikwama cha mateyala chija chikugunda masitepe. Sindinaganize kawiri. Ndinatuluka ndi nyuzipepala m'manja, tepi yoyezera ili m'khosi.

Ndinamuuza zonse Maryvonneyo. Kuti amene anawasambitsa bambo ake atathyoka chiuno ndi Anti. Kuti amene ankawadula zikhadabo ndi Anti. Kuti iye zaka zonsezi anali kuti? Ndinati, "Inu simunabwere kudzalira. Mwabwera kudzatenga makiyi." Chifalansa changa ndikakwiya chimathamanga bwino zedi. Zitseko za m'mwamba zinatseguka pang'onopang'ono. Maliro sanawatulutse, koma mkangano unawatulutsa.

Anandimvetsera mpaka ndinatha. Kenako anati, motsitsa, "Mwawadziwa zaka zingati, Madamu?"

Ndinati khumi ndi ziwiri.

"Ine zisanu ndi zinayi. Anandiuza kuti akupita zaka ziwiri zokha, adzandibweretsera chigoba cha nkhono yam'nyanja. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Mwandiposa, Madamu. Mwina mulire ndinu."

Ndinangokweza mawu. Ndinati zimenezo si mlandu wa Anti. Iye anati sananene kuti ndi mlandu wa aliyense, koma popeza wayamba kutukwanidwa pa masitepe, kuyambira lero zonse zidutsira kwa loya. Nyumba igulitsidwa. Anatembenuka n'kutsika, osalowa n'komwe.

Kutembenuka ine, khomo la Anti lili pululu, iwo ataima pamenepo. Amva zonse. Analitseka osandiyang'ana.

Komabe Maryvonneyo, chibwano chomwecho cha bambo ake, mtima ngati mwala. Ndipo nkhono ija ikundisowetsa mtendere, sindikufuna kuiganiza.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndinawapititsira tiyi. Anandilola kulowa koma mphasa sanandiyalire.

"Anakutuma ndani?"

Ndinati palibe, koma sindikanatha kungoyang'ana.

"Iwe uli ndi pakamwa, ine ndilibe? Ndakhala chete chifukwa ndine chitsiru?" Sindinawamvepo Anti akulankhula chonchi. Akuti mwana uja anabwera atamanga mtima ngati mtolo, ndipo iwo amadikira kuti aumasule yekha. Dzulo anabwera kudzawafunsa kena kake, anaimba foni m'mawa kuti afika 3 koloko. Tsopano sadziwa kuti chinali chiyani. "Unamubweza pakhomo panga, Ndaziona. Pakhomo panga, osati pako."

Ndinati nanga nyuzipepala ija? Akuti nyuzipepala mawa akulungira nsomba kumsika.

Ndinatuluka nkhope ikutentha. Ndinapita kumsika wa ku Port Moselle kuti mphepo indiwombe, n'kukakangana ndi mayi wogulitsa masamba chifukwa ndagwira mapeyala ake. Kuno chipatso umaloza, sugwira. Ndikudziwa, koma lero ndinachita dala.

Ndakwiyira Maryvonne. Ndakwiyira Madamu L. amene wandipatsa moni wa mano onse lero, nkhani yadzulo yamukomera. Ndakwiyira G. chifukwa sananene kuti "ndinakuuza", wangondiphikira supu, zomwe zikupweteka kuposa. Ndakwiyiranso a Fernand. Munthu wamkulu, wodziwa malamulo a kwawo, kulephera kusiya ngakhale kapepala konena kumene akufuna kukagona? Ankatha ola lathunthu akundifotokozera vinyo woyenera nsomba, koma ichi ayi.

Madzulo afika a Kapea, achimwene awo a Anti, pa sitima ya ku Lifou. Bambo wamkulu thupi, wolankhula pang'ono, ndevu zoyera. Anadzatipatsa moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Ndiwe wa pa masitepe uja?" Nkhani yawoloka kale nyanja.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Anti apita kutchalitchi osandigogodera.

Lolemba, 12 Ogasiti

Anagogoda lero. Atavala diresi yakuda ija. "Tiye, tichedwa." Za Loweruka sanazitchule, inenso ayi.

G. anatitenga pa galimoto, masukulu atsekera. Kumalo owotcherako tinapeza azimayi aja afika kale ndi amuna awo ndi abale ena, anthu ngati makumi atatu. G. anati tilowe, palibe angatiletse, chitseko n'chotsegula. Anti anakana. Akuti mwana ananena kuti achibale okhaokha, ndipo iwo salowa pamene sanaitanidwe. Tinaima panja pansi pa mtengo.

Ndinasuzumira pagalasi. Mipando yambirimbiri, anthu anayi. Maryvonne kutsogolo yekha. Madala awiri amene ankaponya nawo mipira yachitsulo a Fernand Loweruka lililonse. Wachinayi, ndikulumbira, Madamu Lecarpentier, atavala chipewa. Akuti akuimira komiti. Amene ankadandaula za nsapato ali mkati pampando wa khushoni, mkazi wa malemu ali panja akuthamangitsa nyerere kumapazi. Ndinachita kuluma mpango kuti ndisakuwe.

Munthu wa kampani anayatsa nyimbo ya pa makina. Anafunsa ngati alipo wofuna kunenapo mawu. Maryvonne anaimirira, pepala m'manja. Anayang'ana pepalalo, anayang'ana bokosi, n'kukhalanso pansi osaliwerenga.

Apo a Kapea anayambitsa nyimbo. Osati mokuwa, koma anthu makumi atatu a ku Lifou akayimba, galasi silitchinga. Madala awiri aja anatembenuka. Mmodzi, wa ndodo, anadzuka n'kutuluka kudzaima nafe, chipewa pachifuwa. Anawagwira dzanja Anti n'kuti, "Fernand ankaba mapointi, koma za inu sananamepo." Anti anaseka akulira.

Mphindi makumi awiri ndi zisanu, zonse zatha. Bokosi linalowa kuseri kwa katani ngati katundu wa pabwalo la ndege. Zaka makumi asanu ndi awiri za munthu.

Maryvonne anatuluka atavala magalasi akuda. Anaima, anatiyang'ana tonse, ndinaona ngati abwera. Takisi inaliza hutala, anakwera.

Pobwerera tinaima pa maloboti a ku Vallée des Colons. Apo G. anamenya chiwongolero. "N'zamanyazi!" Ndinati si zathu paja? Titafika anakachotsa yekha chikalata cha Madamu L. chija, ndi pulasitiki yake yomwe.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Anti asamukira kwathu, m'chipinda changa chosokera, mpaka Loweruka pamene akwere sitima ndi a Kapea. Loya sanawathamangitse, akuti ali ndi nthawi. Koma Maryvonne anatumiza uthenga kuti akufuna kusankhula zinthu za bambo ake, ndipo Anti akuti sangakhale pamenepo n'kumaonerera. Atenga zovala zawo, mapoto awiri, Baibulo ndi kawailesi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zakwana m'zikwama zitatu. G. ndiye wanyamula matilesi, n'kusuntha makina anga osandifunsa.

Tsiku lonse kuseri kwa khoma madirowa akutseguka n'kutsekeka. Matumba akuda a zinyalala akuchuluka pakhonde. Pa amenewa Madamu L. sanalembe kalata.

Cha m'ma 4 koloko phokoso linasiya. Maryvonne sanatuluke. Ndinatchera khutu kukhoma ngati Mfalansa weniweni. Chete.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndilembe msanga ndisanaiwale mawu ake.

2 koloko masana, kugogoda. Ndine ndinatsegula. Maryvonne, wopanda magalasi aja, maso ofiira, envulopu yakhaki m'manja. Tinayang'anizana. Anati, "Ndikufuna Madamu Wazana, ngati mungandilole." Ndinafuna kumuuza kuti adutsire kwa loya. Mawu anafika pamlomo penipeni. Ndinawameza, ndinapatuka.

Anti anali pabalaza ndi a Kapea, akusenda zilazi. G. anadzuka kuti apite kuchipinda, Anti anati akhale.

Maryvonne sanakhale pansi. Anatulutsa mapepala n'kuwayala patebulo. Mafomu a ukwati a kwa meya, atatu, a zaka zosiyanasiyana, ena achita chikasu. Onse odzazidwa ndi dzanja la a Fernand, onse osainidwa ndi iwo. Malo a mkazi opanda kanthu.

"Ndawapeza m'dirowa la pansi. Ine ndinkaganiza kuti bambo ndi amene sanafune kukukwatirani. Kuti anakuchitani zomwe anatichita ife." "Munkakana ndinu. Chifukwa chiyani?"

Inenso ndinali ndisakudziwa. Ndinakhala pa mkono wa mpando.

Anti anapukuta manja pa diresi. "Kwathu munthu sakwatira yekha ngati wagwa kumwamba. Amabwera ndi abale ake. Ndinawafunsa kuti abale anu ndani, anati ndili ndi mwana mmodzi. Ndinati kamutengeni. Mukamupepese, mubwere naye, adzaime pambali panu, ine ndisaina tsiku lomwelo."

"Sanabwere," anatero Maryvonne.

"Tikiti anagula kawiri. Ulendo wachiwiri ndinawaperekeza mpaka ku bwalo la ndege ku Tontouta, sutikesi yalowa kale. Ataitana anthu kuti akwere, anakhala pabenchi n'kuyamba kunjenjemera. Akuti ndikamuuza chiyani? Tinabwerera pa basi, sutikesi inapita yokha ku Paris." Anti anapukusa mutu. "Anali wamantha bambo ako. Wabwino, koma wamantha. Ine ndinaumanso mutu, ndinati sindisaina. Ndinkati akaona kuti sindikusintha, apita. Tinakalamba tikudikirana."

Bambo ako. Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe.

Maryvonne anakhala pansi, pa mpando wa G., manja ali pakamwa. Kagalu ka m'mwamba kanauwa.

Ndiye a Kapea anadzuka n'kulowa m'chipinda chosokera. Anabwera ndi nsalu yatsopano yopinda bwino, yabuluu ya maluwa oyera, pamwamba pake paketi ya fodya. Ndi mmene amachitira akwawo akafuna kulankhula mawu olemera, ndaziona pa maukwati ndi pa maliro. Anaiika patebulo pamwamba pa mafomu aja, n'kuima chilili, maso pansi.

Anati nsaluyi anabwera nayo kuchokera ku Lifou kuti apepese maliro kwa abale a malemu, koma masiku onsewa amasowa khomo lolowera. Anati a Fernand anadya nawo, anawedza nawo, anakwirira nawo akufa awo, ndipo kumudzi akulira. Anati phulusa lipite kumene mwana wafuna, iwo alibe mawu. "Koma mlongo wangayu anadikira m'bale wa mwamuna wake zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mwabwera mochedwa, mayi, koma mwabwera. Tati tikuoneni."

Anakhala pansi. Tsopano inali nthawi ya Maryvonne, ndipo iye sankadziwa. Anayang'ana nsalu, anayang'ana G. G. anangotukula mapewa, Mfalansa mnzake wopanda thandizo. Kenako anatembenukira kwa ine. Ine amene, wa pa masitepe.

"Madamu, nditani?"

Ndinati, "Ikanipo dzanja. Mukaigwira ndiye kuti mwalandira."

Anaika. Analisiya pomwepo nthawi yaitali, ngati akuopa kuti akalichotsa wina atenga nsaluyo.

Za nyumba sanasinthe, igulitsidwa ndithu. Za nyuzipepala sanapepese, ndipo ine ndikadali naye mawu awiri atatu. Ndathawira kukhitchini ndi kope ili, chitseko ndasiya chotsegula pang'ono. Akufunsa ngati bambo ake ankaimba. A Kapea akuti ankaimba moipa kwambiri. Ndege yake ndi ya mawa m'mawa.

Anti angomufunsa ngati wadya. Wati ayi, chidyereni dzulo.

Zilazi zapsa. Ndatulutsa mbale zisanu.